Pamene Panali Kageti

Njerwa yachisanu ndi chiwiri inandipana chala, ndipo ndinatukwana mokweza moti bambo anatembenuka pampando wawo wa pakhonde.

"Atelala, singano yakulasani?" anafunsa.

Ndinawauza kuti si singano ayi, ndi galu wawoyo amene watsimikiza zondikalambitsa nthawi isanakwane. Anaseka pang'ono n'kubwezera maso awo kumpanda. Mwini mlandu, Dzimbiri, anali atagona pamthunzi wa mpapaya, mphuno ili psuu ndi dothi, akundiyang'ana ngati kapitawo woonerera waganyu waulesi. Kameneka kanali kachinayi sabata imeneyo kutseka dzenje lomwelo, pansi pa lata lomwelo, kuseri kwa nyumba yathu.

Palibe chimene sindinayese. Ndinathiramo tsabola, iye anangoyetsemula n'kupitiriza ntchito yake. Ndinaikamo minga, minga ija inabaya ine ndemwe poanika zovala. Achimwene anga, amene amakhala kutali ndipo ankalera bambo kudzera pa foni, anandilangiza kuti ndikwiriremo chimbudzi cha galu yemweyo, ati galu sakumba pamene pali zake. Dzimbiri anangochikankhira pambali mwaulemu. Chondizunguza mutu chinali chakuti mpanda wathu wa malata ndi wautali ndithu, ndipo kumbali ya mpopi dothi lake ndi lofewa moti n'kukumba ndi supuni, koma iye ankafuna pomwepo basi, pouma gwa.

Ndisaname, za galu payekha sindikanadandaula nazo. Akanafuna kupita akanapita, dziko ndi lalikulu. Nkhawa yanga inali bambo. Panali patatha zaka ziwiri chiyambireni matenda awo oiwala. Munthu amene anakhala zaka makumi anayi akukonza maloko ndi kusula makiyi pakhonde la sitolo, wodziwa chitseko cha aliyense m'dera lonse, tsopano ankafunsa njira ya kubafa m'nyumba yomanga yekha. Ine mwana wawo anandiiwala. Ankandiona ndili pamakina osokera tsiku lonse, basi n'kundipatsa dzina lakuti atelala, ndipo ankandilemekeza monga mlendo wochita lendi. Kawiri konse anatuluka ine osadziwa. Ulendo wachiwiriwo anthu anakawapeza ataima pakati pa msewu waukulu, malole akuwalambalala uku ndi uku, iwo akufunsa kumene kwapita sitolo yawo. Kuchokera tsiku limenelo pageti lakumaso panakhala loko, kiyi wake ali pachingwe m'khosi mwanga.

Tsono dzenje la Dzimbiri linkakula, bambo nawo ankaonda. Tsiku lina ndinawapeza atawerama pomwepo, akugwedeza m'munsi mwa lata. Ndinaona ndi maso anga kuti pamene pakudutsa galu posachedwa padzadutsa munthu, ndipo kanjira ka kuseriko kamakathera kumsewu wa malole womwe uja.

Pamene Dzimbiri ankakumbapo, kale panali kageti. Amayi ankagwira ntchito yochapa nsalu kuchipatala, ndipo ankatsika minibasi cha m'ma hafu pasiti folo, pasiteji ya kumapeto kwa kanjirako. Tsiku lililonse bambo ankaweruka msanga, kusiya bokosi lawo la zida pakhonde, n'kutulukira pakagetipo ndi galu wawo kukawachingamira ndi kuwanyamulira chikwama. Anzawo ankawaseka kuti mkaziyo anawadyetsa kanthu. Iwo ankangoti oseka ndi amene alibe wowachingamira. Amayi atamwalira, ndine ndinachotsetsa kageti kaja n'kukhometsapo lata. Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti ndikuopa akuba.

Kwa zaka pafupifupi zitatu Dzimbiri sanakandepo n'komwe pamenepo. Anayamba mwezi umene bambo anaiwala kuti amayi anamwalira. Folo koloko ikakwana, bambo, amene sankadziwanso ngakhale tsiku la sabata, ankadzidzimuka patulo tawo ta pampando n'kunena kuti, "Dzimbiri, nthawi yakwana." Galu uja ankanyamuka, kukafukula zonse ndatsekazo, n'kuzimirira. Pakatha ola ankabwera, ndipo bambo ankandipempha kuti nditeleke madzi a tiyi, makapu akhale awiri. Yawo ankamwa mtima uli m'malo. Inayo inkazizira patebulo mpaka ndidzaitaye.

Lachinayi la sabata imeneyo magetsi anazima masana, makina anga n'kukhala chete. Ndinati lero ndi lero, ndikachione chibwenzi chimene chikuzunguza mutu wa galu wokalambayu. Atangolowa m'dzenje lake, ndinatulukira kumaso, ndinapisa dzanja pakabowo ka geti n'kukhoma loko, kenaka ndinazungulira kumsewu ndikuthamanga.

Dzuwa linali likadali lamphamvu. Ana asukulu ankadutsa akukankhana, wina ankapopa njinga pansi pa mtengo, wailesi inkalira m'sitolo. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti panalibe mdima woti n'kuunamizira. Dzimbiri ndinamupeza atakhala tsonga pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi pasitejipo. Mayiyo atandizindikira anandipatsa moni, anafunsa za wodwala, n'kunena kuti galu wathuyo ndiye wotchi yake, akangomuona amadziwa kuti nthawi yolongedza yayandikira. Kenaka anatsitsa mawu.

"Koma akamanyamuka musamuyang'anitsitse. Ine ndinasiya."

Minibasi ziwiri zinaima n'kupita, iye osatembenuka n'komwe. Yachitatu itaima, anadzuka. Anatsika anthu anayi, wotsiriza anali bambo wonyamula chitini cha penti. Kondakitala anali atagwira kale chitseko kuti atseke, koma anachedwa pang'ono, akuyang'ana kumbali, chifukwa chake sindikuchidziwa. M'kanthawi kameneko Dzimbiri anayamba kupukusa mchira. Sankapukusira aliyense mwa anthu anayi aja. Anali atakweza mutu, makutu atagona, akuyang'ana m'malere, pamene pakanakhala nkhope ya munthu wamfupi.

Kenaka anatembenuka n'kulowa m'kanjira. Galu waphuma uja, amene pakhomo sankadziwa kudikira ngakhale mbale yake, tsopano ankayenda pang'onopang'ono, cham'mbali mwa njira, atasiya malo kumanzere kwake. Akayenda mapazi angapo ankayang'ana m'mwamba kumanzereko. Pathabwa lowolokera ngalande anaima n'kudikira, ndipo anawoloka patapita nthawi. Amayi ankaliopa thabwa limenelo. Ankawoloka chammbali, mwendo wawo wa nyamakazi uli patsogolo, uku akudandaula kuti tsiku lina lidzawagwetsa. Ine ndinkatsatira chapatali, thupi lonse litachita tsembwe pamene thukuta linali kamukamu.

Panali malo amodzi amene ndinkapempha chamumtima kuti asaimepo, pafupi ndi mulu wakale wa mchenga, mapazi makumi awiri kuchokera kumpanda wathu. Anaima pomwepo.

Apa ndiyenera kunena chimene sindinauzepo achimwene ngakhale abusa. Tsiku limene amayi anamwalira, bambo anali chigonere ndi malungo. Folo koloko itakwana anandiitana n'kundituma kuti ndikawachingamire amayi, poti masiku amenewo amayiwo ankadandaula za chizungulire. Ndinayankha kuti ndimalize kaye kupinda diresi la mkwatibwi, mwini wake akubwera madzulo. Ndinalimaliza, ndipo linakhala bwino kwambiri diresi limenelo. Chimene chinandidzutsa pamakina ndi kuuwa kwa galu pakageti. Amayi tinawapeza atagwa chafufumimba pamalo amenewo, chikwama chawo cholemera chikadali m'manja, ndipo sanalankhulenso. Adokotala anati ndi mtima, palibe akanachitapo kanthu. Bambo sananditchulirepo nkhaniyi ngakhale kamodzi, ndipo atayamba kuiwala, Mulungu andikhululukire, mbali ina ya mtima wanga inapumula. Kageti kaja sindinachotse chifukwa cha akuba. Ndinkalephera kupenyako.

Dzimbiri anaima pamenepo nthawi yaitali, mchira uli pansi, maso ali kumanzere kwake. Kenaka mchira unayambanso kugwedera, ndipo anapitirira mpaka palata lathu. Sanalowe m'dzenje nthawi yomweyo. Anakhala pansi moyang'ana latalo, monga ankachitira kale podikira kuti amutsegulire. Ndipo m'kati mwa mpanda ndinamva mawu a bambo, ofatsa, achikondi, mawu amene ndinali nditawaiwala.

"Mwafika? Mwaswera bwanji kuntchitoko?"

Panadutsa kanthawi kokwanira yankho la munthu.

"Pepani, pepani. Lowani mupumule."

Galu uja anawerama n'kulowa. Ndinatsala ndekha m'kanjira. Ndinadziuza kuti bambo angomva mapazi a galu, kuti galu ndi kapolo wa chizolowezi, kuti dzuwa landiwotcha mutu. Nditazungulira n'kulowa m'nyumba, ndinapeza bambo atakokera mpando wachiwiri pafupi ndi wawo, akugwedeza mutu monga munthu womvetsera nkhani za kuntchito. Ndinathira tiyi m'kapu yachiwiri ija, theka n'kuthera patebulo. Koma ine mantha anga akakula amasanduka mkwiyo, ndi mmene ndinabadwira. Ndisanatsuke n'komwe makapu ndinali nditaimbira a Levulo.

A Levulo ndi mmisiri womanga. Dzinali anawapatsa chifukwa sakhulupirira diso la munthu, ngakhale poika mpando amafuna ayeze kaye ndi levulo, kachida koonera ngati chinthu sichinapendekeke. Anabwera Loweruka m'mawa ndi wilibala, thumba la simenti ndi mpukutu wa waya wolukidwa, wonga wa khola la nkhuku koma wokhuthala. Anandiuza kuti njerwa zanga zija kunali kungomupatsa galu masewera. Galu, anatero, amakumba patsinde penipeni pa mpanda, ndipo alibe nzeru yobwerera m'mbuyo phazi limodzi kuti akayambire pamenepo. Choncho anapala dothi m'mbali monse mwa mpanda cham'kati, anayala waya uja chogona, anapinda m'mphepete mwake n'kukhomera kumalata, kenaka n'kukwirira. Padzenje penipenipo anati pafunika konkire.

Asanathire anaima kaye, fosholo ili m'manja. Anayang'ana dzenje, n'kuyang'ana galu amene kukamwa kwake kunali kutachita imvi. Za kageti ankazidziwa, poti ndi iwo amene anakhoma lata lija.

"Mayi, mwati mwafufuza bwino? Paja galu wamkota sakandira pachabe."

Ndinawauza kuti ndawaitanira simenti, miyambi ndili nayo yanga. Anaseka osakwiya, n'kuthira. Pochoka, ndikuwatsegulira geti lakumaso, anagwira loko uja n'kumutembenuza, kenaka anayang'ana bambo pakhonde, amene anali atatola tizidutswa ta waya totsala n'kumatipindapinda m'manja. Anati loko wotereyu kwa mkulu uyo ndi ulemu chabe. Ndinayankha kuti munthu amene sakudziwa mwana wobereka yekha sangadziwe loko. Za waya zija ndinakondwera nazo, ndinati bola apeza chotangwanika nacho.

Ntchito ya a Levulo inagwira. Tsiku loyamba Dzimbiri anakanda waya mpaka mapazi ake kutuluka magazi, kenaka anakweza mutu n'kuyamba kulira, kulira kokoka kuja, dzuwa lili ngwee. Mayi amene ndinkamuyeza bulauzi anavala msanga n'kunena kuti abweranso tsiku lina. Ndinamugwira galuyo n'kumutsekera m'kachipinda kosungiramo makala. Bambo anali atadzuka kale pampando.

"Atelala, wapita ndani kusiteji?"

"Dzimbiri wapita, bambo."

Anatchera khutu kukachipinda ka makala, kenaka anandiyang'ana mwachisoni, monga mmene mumayang'anira mlendo amene wanama m'nyumba mwanu koma simufuna kumuchititsa manyazi. Tsiku limenelo sanaitanitse tiyi. Tsiku lotsatira anaima kumpanda ola lathunthu, chikhatho chili palata lotentha, ndipo nditawakoka kuti akhale pansi anandiuza kuti kuli munthu waima yekha ndi katundu, ndipo sakupeza bwino m'thupi. Chakudya anangochiyang'ana. Ndinawamvera chisoni, inde, koma ndinaumitsa mtima. Ndinati masiku atatu kapena anayi aiwala, kodi kuiwala si ndiye ntchito yawo? Achimwene pa foni anandiyamikira kuti tsopano ndayamba kuganiza.

Tsiku lachitatu bambo anadzuka ali phee. Anasamba okha, anadya phala lonse, ndipo masana anapempha jekete lawo lakuda ndi chipewa. Ndinawapatsa ndikuganiza kuti mphepo ija yadutsa. Ndinali ndi mayunifolomu khumi ndi awiri a kwaya oti ndipereke mawa lake, choncho ndinakhala pamakina msana uli kukhonde, ndipo makina anga akalewo akamalira simungamve ngakhale munthu wogogoda. Nditaimitsa kuti ndisinthe ulusi, wotchi inali itadutsa faifi. Galu ankamenya chitseko cha makala ngati wamisala. Pampando wa bambo panali mtsamiro wokha.

Ndinayang'ana kuchipinda, kubafa, kuseri kwa mpapaya. Kenaka ndinaona kuti geti lakumaso latseguka pang'ono. Loko anali atakolekedwa bwinobwino pamalo pake, ali chitsegukire, kawaya kopindika kakadali m'kabowo kake. Kiyi anali m'khosi mwanga. Nthawi yonseyi ndinkayesa kuti loko ndiye akuwasunga bambo pakhomo. Chikhalirecho ankawasunga ndi galu amene ankawapitira kusiteji, ndipo galuyo ndinali nditamutsekera ine.

Ndinatsegulira Dzimbiri kuti andithandize kufunafuna. Anatuluka ali bii ndi makala, koma m'malo molunjika kugeti lotsegukalo anathamangira kuseri, pakonkire paja, n'kuyamba kulira uku akununkhiza m'munsi mwa lata. Ndinamva kukanda, kwee, kwee, ndipo ndinati ndi zikhadabo zake. Ndinamukalipira kuti ino si nthawi ya zopusa zake. Ndinamumanga m'khosi chingwe choanikira zovala, ndipo atakanirira ndinamumenya. Ndinamukoka mpaka kumsewu, iye akucheukira m'mbuyo. Mpaka lero ndikakumbukira, dzanja limenelo ndimadana nalo.

Ndinathamanga m'mbali mwa msewu wopanda nsapato, maso ali pansi pa lole iliyonse. Patsogolo ndinaona anthu ataunjikana pa chinthu chakuda chogona pansi, ndipo ndinawakankha kuti ndione. Linali thumba la makala logwa panjinga. Mayi wa nthochi ndinamupeza akulongedza, ndipo sindinafunse n'komwe, anangondiona n'kuyamba kufotokoza. Anati mkuluyo anabwera atatchena jekete, n'kuima pamene pamaima galu. Minibasi ya nthawi zonse itafika anavula chipewa, anatambasula dzanja monga wolandira katundu, n'kulowa m'kanjira akuyenda pang'onopang'ono, phewa limodzi litapendekeka. Anati anayesa kuwapatsa moni koma anawapeza ali pakati pa macheza. Panali patadutsa theka la ola.

Dzimbiri sanayang'ane n'komwe pamene pamaima minibasi. Anatsomphola chingwe m'manja mwanga n'kuliyatsa liwiro m'kanjira. Ndinamutsatira, ndinawoloka thabwa, ndinadutsa mulu wa mchenga osayang'ana pansi.

Bambo anali atagwada kunja kwa lata lathu, akukumba ndi manja. Kukanda kumene ndinamva kuja kunali kwawo, ndipo pakati pa iwo ndi ine panali lata limodzi lokha. Anali atafika pa simenti ya a Levulo, ndipo ankaikanda ndi zala zimene zinatsegula maloko a dera lonse, zikhadabo ziwiri zitazuka, dothi litasakanikirana ndi magazi. Malaya anali atanyoweratu, mpweya ukutuluka molira. Jekete lawo anali ataliyala bwinobwino pamthunzi wa mpanda, monga mmene mumayalira munthu wotopa kuti akhalepo. Galu sanapite kwa bambo. Anapita pajekete paja n'kugona pambali pake, mchira ukumenya pansi.

"Dikirani pang'ono," bambo ankanena osatembenuka. "Wina watseka pakhomo pathu, koma nditsegula. Musaimirire, chizungulire chingakugwetseni."

Ndinagwada n'kuwagwira manja. Anatukula mutu, ndipo maso awo, amene kwa zaka ziwiri ankangondidutsa, anaima pa ine.

"Iwe mwanawe," anatero. "Si ndinakutuma iwe kuti ukawachingamire amako?"

Sanakalipe. Anafunsa monga munthu wongofuna kudziwa. Zaka ziwiri ndinali ndikulakalaka kuti andizindikire, ndipo anandizindikira ndi funso limeneli. Misozi inayamba kutsika yokha.

"Munandituma, bambo. Ndinachedwa. Pepani."

"Ukupepesa ine?" Analoza ndi chibwano kujekete kuja. "Eni ake si awo?"

Ndine munthu wouma mutu, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Koma ndinayenda ndi maondo pafumbi mpaka m'mphepete mwa jekete lija, ndipo ndinanena mawu amene ndinawasunga zaka zitatu. Sindinaone kanthu, sindinamvenso kanthu. Galu yekha ndiye anayang'ana m'mwamba, kenaka n'kuyang'ana ine.

Sindinaope kuwasiya bambo pamenepo, ndinkadziwa kuti sangachoke. Ndinazungulira kumaso ndikuthamanga, ndinatenga hamala ndi chitsulo chozulira misomali m'bokosi lawo la zida, n'kuyamba kukanganula lata lija cham'kati. Litagwa, bambo anadzuka movutikira, anagwira mtengo wa mpanda n'kuima pambali.

"Samalani apa, aikapo chopunthwitsa," anatero akuyang'ana pakonkire.

Anadikira. Kenaka galu analowa, iwo n'kutsatira. Nditapita kukatola jekete ndinalipeza lofunda pakati, ngakhale linali pamthunzi, ndipo galu anagona pambali, osati pamwamba pake. Ndinalikutumula fumbi n'kulipinda.

Ndikuwatsuka zilonda pakhonde ndi madzi amchere, anandiyang'ana n'kumwetulira mwaulemu.

"Zikomo, atelala. Mukatha mutitelekere madzi a tiyi."

Ndinatulutsa makapu awiri. Sanandizindikirenso mpaka tsiku lawo lomaliza.

A Levulo anabwera mawa lake n'kupachika kageti katsopano osafunsa funso ngakhale limodzi. Anangoyeza kawiri, anasalaza chopunthwitsa chija, n'kumapita. Achimwene pa foni anati ndapenga, ndikutseguliranji wodwala njira ya kumsewu. Ndinawauza kuti abwere adzatseke okha. Kuyambira pamenepo, folo koloko ikakwana ndinkazimitsa makina, kaya diresi ndi la mkwatibwi kaya ndi la ndani, ndipo tinkapita atatu, ine nditagwira mkono wa bambo kumbali ya msewu. Pobwerera ndinkatsalira m'mbuyo pang'ono kuti ndisawasokoneze macheza. Bambo sanakhudzenso loko, ndipo Dzimbiri sanakumbenso.

Bambo anamwalira patatha miyezi isanu ndi iwiri, m'mawa wa tsiku lamvula, ali pabedi pawo. Anthu atabalalika, achimwene atabwerera kwawo, nyumba inandikulira. Tsiku loyamba kukhala ndekha ndinakhalira pamakina kuti ndisaganize. Folo koloko itakwana phazi linachoka lokha pachopondera, ndipo ndinamva kukanda pang'ono pakageti. Dzimbiri anali ataima pamenepo akundiyang'ana, woonda, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera ndi ukalamba. Ndinamuuza kuti womutuma kulibenso, koma ndinamutsegulira. Mphamvu zoti ndimuperekeze ndinalibe. Ndinangotsamira mtengo wa kageti n'kumadikira.

Patatha ola anatulukira pathabwa paja. Ankabwera pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, koma sanali cham'mbali mwa njira. Ankayenda pakati penipeni. Anayang'ana m'mwamba kumanzere, anayenda mapazi atatu, kenaka anayang'ana m'mwamba kumanja, mchira ukugwedera.

Ndinakankha kageti mpaka kanagunda mpanda, ndipo ndinaima pambali.